Foni, Mkuzamawu ndi Ntchito ya Mulungu: Mafunso ndi Mayankho kwa Akhristu a ku Actonville

Kabuku aka ndalembera akulu a mpingo, alembi, asungichuma, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndiponso achinyamata amene timawasiyira zingwe ndi mabatani m'mipingo ya Amalawi kuno ku Actonville, ku Wattville ndi m'madera ena a Benoni. Mafunsowa ndi omwe aja amabuka tikaweruka, titaima pageti, wina Baibulo lili kukhwapa, wina akupukuta foni yosweka galasi. Ndakhalapo mlembi wa mpingo, choncho zina mwa zolakwa zimene nditchule muno ndi zanga zomwe.

Makolo athu ankapemphera popanda foni. Ife tikuvutikiranji nazo?

Ankapempheradi. Agogo athu amene anabwera ndi Wenela kudzakumba golide m'migodi ya ku Benoni ndi ku Boksburg ankaimba nyimbo zapamtima m'makomponi, ndipo uthenga wa maliro unkawapeza pakalata, manda atamera kale udzu. Koma iwo ankagona malo amodzi ndipo ankapuma tsiku limodzi. Ife tinamwazikana. Uyu amagulitsa m'sitolo imene imatsegula ndi Lamulungu lomwe, uyo ndi mlonda wa usiku, mayi uja amagonera kwa abwana ake ku Rynfield ndipo amatuluka mwa apo ndi apo. M'kaundula mayina ali tho, koma pabenchi muli mipata.

Chimene chinatikankhira tonse m'madzi ndi Covid-19. Pa 27 Marichi 2020 dziko lino linatsekedwa, ndi matchalitchi omwe. Pa 1 Juni anatilola kusonkhananso, koma osapitirira anthu 50. Abusa amene ankadzudzula mafoni paguwa tinawaona akulalikira moyang'ana foni yotsamiritsa pamulu wa mabuku a nyimbo. Mliri unapita, koma foni ija inatsala, ndipo tsopano funso ndi lakuti igwire ntchito yanji.

Tiyambire pati: Facebook, Zoom kapena WhatsApp?

Musayambire pa chilichonse mwa zimenezi. Yambirani pa kope ndi cholembera. Mlembi afunse Mkhristu aliyense: foni yanu ndi yotani, ndipo bandulo mumagula kangati pamwezi? Mudzadabwa. Amene amalimbikira kuti tigule kamera nthawi zambiri ndi amene amagwira ntchito pamalo pamene pali Wi-Fi yaulere. Wamaganyu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi kuti alankhule ndi ana ku Mangochi sangaiwotche poonera mapemphero a maola atatu.

Kanema amadya data ngati chiwala m'munda, pamene mawu okha amadya pang'ono. N'chifukwa chake kwa mipingo yathu yaing'onoyi voice note ya pa WhatsApp imaposa zonse. Mnyamata mmodzi aike foni pafupi ndi mlaliki, ajambule ulaliki wokha, osati zolengeza ndi kukokana kwa mipando, ndipo madzulo autumize. Mayi wina mumpingo mwathu anandiuza kuti amamvera ulaliki Lolemba m'mawa akusita malaya a abwana, kachingwe kamodzi kali kukhutu, khutu linalo likudikira kuitana kwa adona. Ameneyo ndiye tiyenera kumamuganizira tisanagule kanthu kalikonse. Mawu amafikanso kwa amene kuwerenga kumawavuta, ndipo alipo pakati pathu, kungoti sadzinena.

Amene ali ndi kafoni kamabatani musawasiye kumbuyo. Mkulu wa mlaga kapena wa mphakati awaimbire, kapena awapitire.

Gulu lathu la pa WhatsApp lasanduka msika. Tichite bwanji?

Ndalidziwa vutoli. M'mawa kusanache mwalowa kale zithunzi za maluwa khumi, wina akutsatsa usipa ndi ufa wochokera kumudzi, wina akufunsa thiransipota amene anyamuke Loweruka, wina waponya kanema wa ndale. Chilengezo cha mlembi chakuti mapemphero asintha nthawi chakwiririka pansi, ndipo anthu afika pakhomo lotseka.

Tsegulani magulu awiri. Loyamba likhale la zolengeza zokha, ndipo muliike kuti olembamo akhale ma admin okha. Batani lake lilipo. Lachiwiri likhale bwalo la macheza, la usipa ndi maluwa omwe, pakuti malonda a abale si tchimo. Gulu limodzi limatha kunyamula anthu 1,024, ndiye malo si vuto.

Koma pali lamulo limodzi limene ndikupempha mpingo uliwonse ulembe ndi inki yofiira: uthenga wa imfa usaponyedwe pagulu abanja asanauzidwe. Kwathu maliro ali ndi njira yake. Amapita akuluakulu, amakhala pansi, amayamba ndi kunena kuti matenda akula. Ine ndinalakwapo apa. Ndinalandira uthenga usiku, ndinafulumira kulemba chilengezo ndi chithunzi cha malemu, osadziwa kuti mchemwali wawo anali pagulu lomwelo ndipo anali asanamve. Anamvera pafoni, ali yekha m'chipinda chalendi. Mpaka lero ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi. Chimodzimodzinso mphekesera zakuti kwayamba kusaka alendo kwakutikwakuti. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musanatumize, imbirani munthu amene ali kumeneko.

Kodi Baibulo la pafoni ndi Baibulo lenileni?

Eya. Mawu ake ndi omwewo. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998, onse anamasuliridwa kuti amveke m'makutu a anthu, osati kuti tilemekeze chikuto. Pa YouVersion, imene inayamba mu 2008, mumapezeka Baibulo la Chichewa laulere, ndipo mukalitsitsa kamodzi mutha kumaliwerenga popanda data. Kwa munthu amene anadutsa pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge ndi kachikwama kamodzi, chimenechi n'chamtengo wapatali.

Vuto si Baibulo, koma anansi ake. M'buku lapepala simutulukira uthenga wa mlamu wofuna ndalama ya feteleza pakati pa Masalimo. Mukalowa m'tchalitchi tsekani data. Ndipo wotsogolera anene msanga kuti tiwerenga m'Baibulo liti, apo ayi kuwerenga molandizana kumamveka ngati pa depoti.

Tikufuna kuulutsa mapemphero athu pa Facebook kuti akumudzi azitiona. Pali choipa?

Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene chida chabwino chimatha kulasa mwini wake.

Tonse tikudziwa, ngakhale sitinena paguwa, kuti si aliyense pabenchi amene mapepala ake ali bwino. Wina masiku ake anatha kalekale. Wina anathawa mwamuna wankhanza ndipo safuna adziwike kumene ali. Wina anauza abwana kuti akudwala kuti apeze mpata wodzapemphera. Kamera ikamayendayenda pankhope za anthu, n'kuonetsanso chikwangwani cha msewu ndi geti la malo amene tikuchita lendi, ndiye kuti taulula anthu amene anabwera kudzabisala mwa Mulungu. Chimene chalowa pa intaneti sichibwezeka. Mukhoza kufufuta patsamba lanu, koma wina anachisunga kale.

Dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa POPIA, limene aliyense anayenera kuyamba kulitsata mokwanira kuyambira pa 1 Julaye 2021. Mipingo siili kunja kwake. Lamuloli limaika chipembedzo cha munthu ndi za umoyo wake m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo za ana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Ndiye kujambula ana a Sande Sukulu n'kuwamwaza pa Facebook makolo osadziwa si nkhani yamasewera. Kaundula wa mpingo, mmene muli mayina, manambala ndi kumene anthu amakhala, asamaponyedwe pagulu ayi.

Ngati mwatsimikiza zoulutsa, kamera iyang'ane kuguwa ndi kukwaya imene yavomera, ikhazikike pamenepo. Lengezani musanayambe kuti lero tikuulutsa, kuti wosafuna akhale kumbuyo kwa kamera. Nthawi ya maumboni, ya kupempherera odwala ndi ya chopereka, zimitsani. Munthu amene akulira pofotokoza za matenda ake akuuza abale ake, sakuuza dziko lonse. Ndipo kujambula amene akuponya zingati m'mbale n'kuchititsa manyazi wamasiye.

Nanga chakhumi ndi zopereka zingadutse pafoni?

Zingadutse, ndipo kwa msungichuma amene amayenda ndi thumba la ndalama Lamulungu masana, aliyense akudziwa kuti wachokera kutchalitchi, n'chitetezo. Koma ndalama za mpingo zisalowe mu akaunti ya munthu mmodzi, kaya ndi abusa kaya ndi mkulu wokhulupirika chotani. Sikuti tikumuyesa wakuba. Akadwala, akagwidwa kapena akabwerera kumudzi mwadzidzidzi, ndalama zapita naye. Pakhale osayinira awiri kapena atatu, ndipo kope la msungichuma lisatayidwe chifukwa kwabwera foni.

Pamaliro ndi pamene timayesedwa. Kunyamula thupi kuchokera ku Benoni mpaka ku Mzimba kapena ku Machinga n'kodula, ndipo msonkhamsonkha umachitika mwachangu, anthu mitima ili m'mwamba. Sankhani nambala imodzi yolandirira, ilengezedwe ndi mlembi yekha. Chithunzi chosonyeza kuti munthu watumiza si ndalama. Msungichuma aone yekha kuti zalowadi asanalembe dzina. Potumiza kumudzi kudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, kuti zikafikire pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lembani zonse ziwiri: marandi amene atuluka ndi makwacha amene afika, ndi tsiku lake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene sanalembe tsiku anavutika kufotokoza chifukwa chake marandi ofanana anabala makwacha osiyana.

Achenjereni akuba a pafoni. Amakutumizirani uthenga wakuti mwalandira manambala 6 molakwika, muwabwezere. Mukangowapatsa, WhatsApp yanu yapita, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa Akhristu onse m'dzina lanu, ndi chithunzi chanu chomwe. Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu aliyense. Abusa, mlembi ndi msungichuma atchere PIN yachiwiri ya two-step verification lero lomwe. Ndipo "abusa" akakulemberani kuti agwidwa ndi apolisi, tumizani R500 msanga, aimbireni kaye mumve mawu awo.

Magetsi akathima, mapemphero athe?

Chaka cha 2023 chinatiphunzitsa. Pulogalamu ya EskomSePush inkatiuza nthawi imene athime, koma sinkatiimbira nyimbo. Tsiku lina magetsi atathima, kiyibodi inangoti zii, kwaya inasowa poyambira, mpaka gogo wina anayambitsa nyimbo ndi pakamwa, manja n'kulandira. Gulani mkuzamawu wokhala ndi batire ngati thumba likulola, koma mwezi uliwonse imbani Lamulungu limodzi popanda chingwe chilichonse. Mabuku a Nyimbo za Mulungu musawasiye kumudzi.

Anansi akudandaula za phokoso. Kodi si Satana akulimbana ndi uthenga?

Kawirikawiri si Satana, ndi munthu amene wagwira ntchito usiku wonse ndipo akufuna kugona. Actonville ndi malo amene boma latsankho linapatulira amwenye m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero kuli mizikiti ndi akachisi a Ahindu. Ifeyo tinapeza eni ake alipo. Ambiri mwa Amalawi anzathu kuno ndi Asilamu, ena ndi abale athu enieni. Chipinda cha anthu 40 sichifuna mkuzamawu wa pabwalo la mpira. Mzinda wa Ekurhuleni uli ndi malamulo a phokoso, ndipo apolisi ake a EMPD akaitanidwa kawiri katatu, mwini malo amangotiuza kuti tisamuke. Tsitsani, mawu amveke, makutu asawawe.

Ine ndimaonera mapemphero a kumudzi pafoni, nthawi zina a mneneri pa YouTube. Ndiye kuti ndapemphera kale, si choncho?

Mwamva mawu, ndipo n'zabwino. Kumva Radio Maria kapena Trans World Radio m'chinenero chako uli kutali kumatonthoza mtima, ndani angakane? Wodwala, mlonda ndi womangika pantchito asadziimbe mlandu. Foni tinaitengera iwowo.

Koma inu amene muli ndi mpata, miyendo ili bwino, ndikufunseni. Mgonero mudzadyera pagalasi? Mpingo wa Katolika unanena kale mu 2002, m'chikalata cha ku Vatican chokhudza intaneti, kuti masakramenti sachitikira pa intaneti, ndipo pamenepa ngakhale ife a mipingo ina sitingatsutse zambiri. Mlaliki wa pa YouTube sadziwa dzina lanu, ngakhale amadziwa kukupatsani nambala ya akaunti. Mukagonekedwa kuchipatala cha Tambo Memorial, amene adzabwere ndi phala m'kabakuli ndi mayi wa mumlaga mwanu. Tsiku loipa likadzafika, amene adzasonkhe kuti thupi lanu likafike kwanu ndi omwe aja munkawathawa Lamulungu. Ndaona maliro a munthu amene analibe mpingo uliwonse kuno, thupi likukhalitsa kumotchale abale akusowa poyambira.

Zonsezi aziyang'anira ndani?

Achinyamata ndiwo amadziwa mabatani, ndipo apatsidwe ntchitoyi mwaulemu, ndi bandulo yochokera m'thumba la mpingo, osati m'thumba mwawo. Koma tsamba la Facebook, gulu la WhatsApp ndi mapasiwedi ake ndi katundu wa mpingo, monga mbale za mgonero. Ma admin akhale atatu, mmodzi mwa iwo mkulu wa mpingo, mmodzi mayi. Mipingo yathu imagawikana, tisabise, ndipo zachitikapo kuti mnyamata amene anatsegula tsamba wachoka nalo pamodzi ndi zithunzi zonse za zaka zisanu.

Abale, Lamulungu likubwerali mlembi abwere ndi kope lija. Lembani mayina a onse amene sanaoneke mwezi uno, muwagawane, ndipo aliyense aimbiridwe foni lisanafike Lachitatu.