Musaphe mbewu ya panda ndi chakudya

Inu achinyamata amene mukuphunzira kusamalira nyama zakutchire, chimene ndimaopa mwa inu si ulesi ayi, ndi chifundo chanucho. Nyama ikangokuyang'anani mwachisoni, dzanja lathamangira kale ku chakudya. Tamverani za Chuang Chuang.

Panda yamphongoyi inachoka ku China mu 2003 limodzi ndi yaikazi, Lin Hui, kukakhala kumalo osungirako nyama ku Chiang Mai, m'dziko la Thailand. Anthu anadikira mwana, zaka n'kumapita, kuli zii. Pofika 2007, Chuang Chuang ankalemera makilogalamu 150, ndipo omusamalira anaona kuti thupi lamukulira moti kukwera yaikazi kunkavuta. Anamuchepetsera zonenepetsa, n'kumuchulukitsira masamba a nsungwi. Komabe mwana wawo, Lin Ping, anabadwa mu 2009 madokotala atachita kuika umuna mwa mayiyo ndi zipangizo.

M'mapiri a ku Sichuan, ku China, panda imatha maola oposa 10 patsiku ikutafuna nsungwi, chakudya chopanda mafuta, uku ikukwera zitunda. M'khola mulibe chitunda. Mabisiketi, maapozi ndi karoti zimaipeza ili chikhalire. Mimba imakula, miyendo yakumbuyo n'kufooka, chonsecho ndi miyendo yomweyo imene yamphongo imaimira pokwera. Apa ndi pamene pamandiwawa: yaikazi imafuna yamphongo kamodzi kokha pachaka, kawirikawiri pakati pa Malichi ndi Meyi, ndipo masiku oti n'kutenga bere saposa atatu. Yamphongo ikatopa msanga masiku amenewo, basi, chaka chonse chapita. N'chifukwa chake ku China osamalira ena amakweza chipatso pandodo kuti yamphongo iziimirira ndi miyendo iwiri, ilimbe.

Amene munakulira pafupi ndi khola mukudziwa kale kuti thadzi likanona kwambiri limachepetsa kuikira.

Ndiye musakhulupirire maso, ubweya umanamiza. Ikani nyamayo pasikelo kawirikawiri, ndipo muzilemba m'buku. Chakudya muzibisa m'malo osiyanasiyana, china m'mwamba, kuti izichivutikira. Alendo adzakuuzani kuti panda yonenepa ndiye yokongola. Amwetulireni, koma mbale musaonjezere.

Musapitirirenso muyeso n'kuiwondetsa. Kamwana ka panda kamabadwa kolemera magalamu pafupifupi 100, kosaona, ndipo kwa miyezi ingapo moyo wake wonse umadalira mkaka wa mayi wamphamvu.