Nunavut: Boma la Ainuit Mkati mwa Canada

Tsekani makope kaye, ana inu, maso onse pa mapu awa. Kumpoto kwenikweni kwa Canada uku, kumene mitengo simera ndipo nyanja imauma gwa ndi chisanu miyezi yambiri pachaka, kuli dera lotchedwa Nunavut. M'chinenero cha eni ake Ainuit, chotchedwa Inuktitut, dzinali limatanthauza "dziko lathu". Likulu lake ndi Iqaluit, ndipo derali linakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1999 atalipatula ku Northwest Territories.

Anthuwa sanangodzuka m'mawa n'kuyamba kufuna boma lawo. Kale akuluakulu a boma la Canada, ataona kuti mayina a Ainuit akuwavuta kulemba, anawapatsa timendulo ta manambala tovala m'khosi, munthu wamkulu n'kumadziwika ndi nambala. Mu 1953 ndi 1955 boma linasamutsa mabanja ku Inukjuak n'kukawasiya ku Resolute ndi Grise Fiord, kumene dzuwa limatha miyezi osatuluka. Linadzapepesa mu 2010, ambiri mwa osamutsidwawo ali kumanda. M'badwo umene unakula ukuona zoterezi ndiwo unayambitsa bungwe la Inuit Tapirisat mu 1971, ndipo mu 1976 unatula ku Ottawa, likulu la Canada, pempho la dera lawolawo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumagwa pamayeso. Ainuit anapeza zinthu ziwiri, ndipo musaziphatikize.

Choyamba ndi pangano la malo la mu 1993, limene anasayinirana ndi nduna yaikulu ya Canada Brian Mulroney. Anavomera kuleka kunena kuti dziko lonselo ndi lawo chifukwa makolo awo ankasakamo, m'malo mwake n'kulandira umwini wolembedwa wa masikweya kilomita pafupifupi 350,000 pa dera la pafupifupi 2 miliyoni, komanso madola a ku Canada oposa 1 biliyoni olipidwa pa zaka 14. Pa malo awowo, miyala ya pansi pa nthaka ndi yawo pa gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Mlonda wa panganoli ndi bungwe la Nunavut Tunngavik, ndipo ndi la Ainuit okhaokha.

Chachiwiri ndi boma. Ili si la mtundu umodzi ayi. Aliyense wokhala ku Nunavut amene ndi nzika ya Canada, mzungu kaya wobwera, amavota ndipo angathe kuimira. Ainuit amalamulira chifukwa ndi ochuluka, pafupifupi 85 mwa anthu 100 alionse. Zipani kulibe. Aphungu, omwe tsopano alipo 22, amasankhidwa aliyense payekha, kenako amakhala pansi n'kusankha mtsogoleri ndi nduna pakati pawo. Woyamba anali loya wachinyamata Paul Okalik. Ine dongosololi limandisangalatsa, ngakhale ndikuvomera kuti popanda chipani wovota amasowa womuloza chala zinthu zikapanda kuyenda.

Nanga ndiye zinatha bwino? Ndalama zambiri zoyendetsera bomali zimachokerabe ku Ottawa. Ndime 23 ya pangano lija inalonjeza kuti Ainuit adzakhala pa ntchito za boma molingana ndi kuchuluka kwawo, koma kwa zaka zambiri akhala ali cha pa theka basi. Nunavut Tunngavik inasumira boma la Canada mu 2006, ndipo mlandu unatha mu 2015 boma litavomera kulipira madola oposa 255 miliyoni. Ulamuliro pa malo a boma ndi migodi unachita kudikira mpaka Januwale 2024, pamene nduna yaikulu ya Canada panthawiyo Justin Trudeau ndi mtsogoleri wa Nunavut panthawiyo P.J. Akeeagok anasayina zoti uperekedwe ku Iqaluit mu Epulo 2027.

Ainuit anzawo a ku Greenland anatsogola: anayamba kudziyendetsera zam'kati mu 1979, ndipo lamulo la 2009 limawalola kuchoka pansi pa Denmark akadzafuna. Nunavut ilibe khomo lotere.

Tsegulani makope. Lembani kusiyana kwa Nunavut Tunngavik ndi boma la Nunavut, mizere khumi. Ndisonkhanitsa belu lisanalire.