Mpanda wa ku Dzaleka unayamba ndi Amalawi

Mukachoka ku Lilongwe kulowera ku boma la Dowa, musanafike pabomapo mumaona nyumba za zidina zitathithikana pachitunda, njira zapakati pake zili zoti anthu awiri apatukirane movutikira. Pamenepo ndiye pa Dzaleka. Achinyamata amawadziwa malowa ngati kampu ya anthu othawa kwawo, koma akuluakulu amawakumbukira mwanjira ina. M'nthawi ya Kamuzu Banda inali ndende ya anthu amene boma linkawaona ngati oukira. A Mboni za Yehova, omwe mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 atakana kugula makhadi a chipani cha Malawi Congress, anatsekeredwa kumeneko ambirimbiri m'zaka za m'ma 1970, amuna ndi akazi omwe. Sanabe mbuzi ya munthu. Lamulo ndilo linanena kuti chikhulupiriro chawo ndi mlandu, ndipo aliyense wowagwira ankati akungokwaniritsa lamulo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

Mu 1994, chaka chimene tinachita chisankho cha zipani zambiri, ndendeyo inasanduka malo olandirira anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Congo, komanso ena ochokera ku Somalia ndi Ethiopia. Inakonzedwa kuti isunge anthu 10,000 mpaka 12,000. Pofika 2023 anali atapitirira 50,000.

Dziko lathu litalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, linakana kumangidwa ndi mfundo zina, monga ufulu wa munthu wothawa kwawo woyenda kumene akufuna ndi wolembedwa ntchito. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, la m'nthawi ya chipani chimodzi. Komabe kwa zaka zambiri boma linkangoyang'ana kumbali. Anthu pafupifupi 8,000 anatuluka mu kampu, natsegula magolosale m'matauni ndi m'misika ya kumidzi, ena nagula nyemba ndi soya pa Mgona ku Lilongwe, ena nakwatira kapena kukwatiwa ndi Amalawi. Tonse timawadziwa, ndi aja timawatcha Maburundi. Ana awo anabadwira kuno, ndipo Chichewa amachilankhula ngati ana athu.

Mu April 2021 boma linalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pasanathe masiku 14. Khoti linaimitsa lamulolo, koma mu August 2022 chiletso cha khoticho chinachotsedwa. Tsiku lomaliza linakhala 15 April 2023. Pa 17 May apolisi ndi asilikali analowa m'makomo ndi m'masitolo ku Lilongwe. Anthu mazanamazana, pamodzi ndi ana, anakwezedwa m'magalimoto n'kukagonekedwa ku ndende ya Maula asanatumizidwe ku Dowa. Masitolo anatsekedwa, makontena a katundu anagwidwa. Bungwe la UNHCR ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu anadandaula, koma nduna ya chitetezo cha m'dziko pa nthawiyo, Ken Zikhale Ng'oma, anaima pa mfundo yoti boma likutsata lamulo. Ndipo Amalawi ambiri anaomba m'manja, ena poganiza kuti malonda awo ayenda tsopano.

Sindikunena kuti boma lisadziwe amene ali m'dziko muno. Liyenera kudziwa. Pakati pa anthu othawa nkhondo pamatha kubisala anthu amene anaiyambitsa. Vincent Murekezi, yemwe ankafunidwa ku Rwanda pa milandu ya kupha anthu mwaunyinji mu 1994, anakhala kuno zaka zambiri akuchita malonda. Koma taonani mmene nkhani yake inayendera: anamangidwa iye yekha, anaonekera kukhoti, ndipo mu January 2019 anatumizidwa ku Rwanda. Lamulo linafunafuna munthu mmodzi pa zimene ankamuganizira kuti anachita. Zimene zinachitika mu May 2023 n'zosiyana, chifukwa mayi wogulitsa sopo ndi mchere, amene sanalakwire aliyense, anagona ku Maula ndi mwana kumbuyo chifukwa cha kumene anabadwira basi.

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinadzilembera mu 1994, sakunena kuti ufulu ulibe malire. Gawo 39 limapereka kwa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, koma limaika miyeso: kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kukhale kwanzeru, kugwirizane ndi mfundo za ufulu wa anthu zovomerezeka padziko lonse, ndiponso kukhale kofunikadi m'dziko la demokalase. Tsono funso nali: kodi kutsekera munthu pachitunda chimodzi kwa zaka 20 kapena 30, osamulola kugwira ntchito, n'kofunikadi? Kodi kulemba maina, kupereka ziphaso zosonyeza kumene munthu akukhala ndi kudula msonkho pa malonda ake sikungateteze dziko mokwanira? Amene anabwezedwa ku Dzaleka anali kudzidyetsa okha, kulipira lendi kwa eni nyumba Achimalawi ndi kulemba ntchito achinyamata athu. Lero akudikira thandizo la chakudya la bungwe la WFP, lomwe lakhala likuchepetsedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Anthu a m'midzi yozungulira kampuyo, amene amagulitsa tomato ndi masamba pamsika wake wa Lachiwiri, ndiwo akulimbirana madzi ndi nkhuni ndi khamu lomwe likungochulukirabe.

Lamulo likhoza kukhala lolembedwa bwinobwino koma lili lolakwa, ndipo makhoti athu anatsimikiza kale zimenezi. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika pa mlandu uja wa vakabu. Sanangolipira chindapusa n'kukhala chete ayi, anakatsutsa lamulolo kukhoti, ndipo mu January 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Lamulolo linachokera kwa atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri linkagwira osauka okhaokha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi mulibe amene sadziwa munthu amene ali ku Joni. Mu 2008 ndi 2015 abale athu anathamangitsidwa m'makomboni a ku South Africa ndi mawu omwewa, akuti akulanda ntchito ndi malonda, ndipo boma lathu linachita kutumiza mabasi okawatenga. Ena amasungidwa ku Lindela podikira kubwezedwa. Zikatere timafuula kuti abale athu ndi anthu, asawagwire ngati zigawenga. Sitingapemphe kwa eni Johannesburg chimene ife tikumana mlendo wa pa Mgona.

Inu owerenga, phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni chifukwa chake lamulo la 1989 likugwirabe ntchito osasinthidwa mokwanira, ndiponso kuti Nyumba ya Malamulo idzaliyeza liti ndi miyeso ya gawo 44.