Tomato wa mu Febuluwale

Mvula ikakhazikika tomato amasowa. Kamulu kamene mu Seputembala ogulitsa amachita kukuikirapo basela, pofika Febuluwale kamakhala ka tomato atatu, mmodzi wowola mbali. Anthu amalima ndithu, koma masamba akamakhala onyowa usana ndi usiku chiwawu chimalowa, ndipo munda umene unali wobiriwira Lolemba umakhala utapserera pofika Lamulungu. Ngakhale pa Lizulu ndi pa Jenda, pamene m'chilimwe madengu amachita kundanda m'mbali mwa msewu, nyengo imeneyi amachepa. Nchifukwa chake anthu ambiri a m'tauni amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba ayamba kulota za greenhouse, kanyumba ka pulasitiki kolimamo mbewu.

A neba anga ku Zomba, bambo amene anakalambira pa ntchito ya ukalaliki m'boma, malotowa anawalota atangopuma. Mwana wawo wamwamuna amakhala ku Britain, ndipo kumeneko ali ndi kadimba kobwereka ku khonsolo. Anawatumizira chithunzi pa WhatsApp: kanyumba kokhota pamwamba, kafupi, kotsekedwa mpaka pansi, mkati muli tomato wolendewera ku zingwe. Madalawo anachionetsa aliyense, mpaka kutchalitchi.

Mitengo anafunsa kuwiri. Kampani ina ya zipangizo za ulimi mu Blantyre inawalembera zonse: mapaipi a galvanised, pulasitiki ya ma micron 200 yopirira dzuwa, neti ya m'mbali, thanki ndi timapaipi todontheza madzi. Ataona chiwerengero cha pansi anapinda kalatayo naiika m'Baibulo. Kenaka anapita kwa mnyamata wina wowotcherera mageti pamsika, amene anawapangira kale mawindo olimba bwino.

"Madala, amenewo akufuna akudyereni penshoni," anatero mnyamatayo. "Pulasitiki ndi pulasitiki basi. Chithunzicho nditumizireni, sabata ziwiri mulowamo."

Mtengo wake sunafike ngakhale theka. Anamanga mu Ogasiti. Mapaipi anali akuda aja, opyapyala, opakidwa penti, ndipo pamene zitsulo zinaperewera anaikapo mapaipi a madzi a PVC poti amapindika mosavuta. Pulasitiki anagula ku hadiweya, yoonekera mkati ija imene anthu amafunditsa njerwa kapena simenti. Anaikokera mpaka pansi mbali zonse n'kuipsinja ndi njerwa. Munthu amatha kuimirira pakati pokha. Kunena zoona, inkaoneka bwino, ndipo inafanana ndi chithunzi chija.

Mu Seputembala mbande zinakula mosangalatsa. Okutobala atalowa, maluwa anayamba kuyoyoka asanabereke. M'mawa uliwonse pansi pamakhala pali mbwee timaluwa tachikasu.

"Bambo, muno simukulowekanso," anatero akazi awo tsiku lina atatuluka thukuta lili kamukamu. "Mbewu izi mukuziphika."

Ananena zoona. Ku Britain mdani wa tomato ndi kuzizira, ndiye kanyumba ka kumeneko amakapanga kafupi ndi kotseka kuti kasunge kutentha. Kuno kutenthako tili nako kale kokwanira. Mungu wa tomato umafooka kutentha kukapitirira madigiri 32, ndipo duwa losalandira mungu wamoyo limagwa. M'kati mwa pulasitiki yotseka, masana a mu Okutobala, madigiri 40 amakwana mosavuta. Madalawo anatenga mpeni n'kuboola mazenera m'mbali. Mpweya unalowa, koma sunalowe wokha. Ntchentche zoyera zija zimene zimabisala kunsi kwa masamba ndi kufalitsa matenda opiringiza masamba zinapeza malo opanda mvula, opanda mphepo. Kanalowanso kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ndipo tsopano kakusautsa alimi a tomato mu Africa muno. Kamadya m'kati mwa tsamba n'kusiya timawanga toonekera, ndiye mankhwala opopera sakafika bwino. Malo aliwonse amene mpeni unadutsa anakhalanso poyambira kung'ambika.

Pofika Novembala pulasitiki inali itatuwa. Ukaigwira m'mizere ya mapaipi imathetheka. Pulasitiki wamba dzuwa limaidya, chifukwa mulibe mankhwala oiteteza ku cheza chimene amachitcha UV, ndipo imayamba kutha pamene yakhudzana ndi chitsulo chotentha. PVC nayo siigwirizana ndi pulasitiki yotereyi, imaifooketsa pamene zakhudzana. Mvula yoyamba itagwa, madzi anadikha m'malo olendewera n'kupanga mathumba olemera amene anapinda mapaipi awiri. Kenaka kunabwera chimphepo cha mtundu umene chaka ndi chaka umasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi. Mbali yaitali ya kanyumbako inayang'ana kudambo kumene mphepo imachokera, mapaipi anangozikidwa pang'ono m'dothi popanda konkire, ndipo mazenera a mpeni aja anailola mphepo kulowa n'kunyamula zonse. Kutacha, zidutswa za pulasitiki zinali m'minda ya anthu, zina mbuzi zikutafuna.

Apa mpamene anaitana alangizi a zaulimi, mayi wina wodekha amene ofesi yake ili mtunda woyenda pansi kuchokera kunyumbako. Akazi awo a madala sanachitire mwina koma kulankhulira kukhitchini kuti safunsa anadya phula. Alangiziwo anazungulira malowo, anatola kachidutswa ka pulasitiki n'kukafikisa ndi zala, ndiye anafunsa:

"Bambo, kodi pomanga mumafuna kutchinga chiyani?"

Funso limeneli ndikanakonda aliyense wofuna greenhouse atayamba wadzifunsa asanatulutse ndalama. Kwa ife yankho ndi mvula ndi tizilombo. Chimene tikufuna ndi ambulera yokhala ndi neti m'mbali. Ukangovomereza zimenezi, kamangidwe konse kamasintha. Pulasitiki imakhala padenga pokha, mwina ndi kachigawo kakang'ono m'munsi kotchinga madzi othovoka. M'mbali mumakhala neti. Zipupa zimatalika mamita awiri ndi theka kapena kuposa, ndipo pamwamba pamasiyidwa mpata wotchingidwa ndi neti, poti mpweya wotentha umakwera ndipo umafuna potulukira. Mbali yaifupi ndiyo imayang'ana kumene mphepo yamphamvu imachokera.

Neti yake ndi ya ulimi, imene ogulitsa amaitchula kuti 40 mesh kapena 50 mesh. Ikakhala yothithikana kwambiri imaletsa tizilombo tating'ono koma imachepetsanso mpweya, nchifukwa chake kutalika kwa zipupa kuli kofunika. Ndaonapo anthu akusoka maneti a udzudzu a kuchipatala kuti atchingire dimba. Ntchentche zoyera zimadutsa bwinobwino m'mabowo ake, dzuwa limawaoletsa msanga, ndipo usiku ana amagona pamtetete.

Za pulasitiki alangizi anawerengera nawo pansi ndi kamtengo. Ya greenhouse yeniyeni, ya ma micron 150 mpaka 200, ikaikidwa bwino imatha zaka zitatu mpaka zisanu. Ya madalawo sinakwanitse miyezi inayi. Kuti afike zaka zinayi akanaigula ka 12, osawerengera mbewu zotayika nthawi iliyonse ikang'ambika. Choncho mtengo wofunsa si wa lero wokha, koma wa chaka chilichonse chimene chinthucho chikhale chili chiimire. Pulasitiki yabwino imabwera pa mpukutu wolembedwa makulidwe ake ndi mawu a UV, ndipo ina imalembedwanso mbali yoyang'ana mkati. Wogulitsa amene sangakuonetseni zolembazo, kapena sangakulozereni greenhouse imene anamanga zaka ziwiri zapitazo kuti mukaione ndi maso, musiyeni. Poika pulasitikiyo, amaikoka tsiku lofunda kuti ikazizira ikungike, chifukwa yolendewera imakupiza ndi mphepo mpaka kung'ambika. Pamene ikhudzane ndi chitsulo amamatapo tepi kapena kupaka penti yoyera. Mankhwala a sulphur amafupikitsa moyo wake, ndiye popopera osamwaza mpaka kudenga.

Ndalama zikachepa pali pochepetsera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasankha molakwika. Amafuna nyumba yaikulu ya zipangizo zotchipa, pamene akanamanga yaing'ono ya zipangizo zabwino. Makampani ambiri amagulitsa ya mamita 8 ndi 15, koma imeneyo ndi ya malonda. Pakhomo ya mamita 4 ndi 8 ikwana. Mapaipi a galvanised akadula, mitengo ya bulugamu yothiridwa mankhwala imagwira ntchito, bola ikhale yosalala ndipo izikidwe theka la mita kapena kuposa, makamaka ndi konkire pangodya. Yosathira mankhwala ndi chakudya cha chiswe. Msomali usaboole pulasitiki pawokha: amaikapo kaye mphira ya chubu chakale kapena kathabwa kopyapyala kuti kapsinje. Pa pulasitiki, neti ndi maziko, pamenepo palibe kunenerera.

Madalawo anamanganso chaka chotsatira, ya mamita 4 ndi 8, ya bulugamu, yaitali moti anthu odutsa ankafunsa ngati ndi shedi ya fodya. Ili chiimire mpaka pano. Koma inawaphunzitsa zina zimene kalata ya mitengo sinena. Mvula silowa m'katimo, ndiye ngakhale mu Januwale, kunja kukusefukira, iwo amathirira. Mbewu 80 za tomato wamkulu, iliyonse ikamamwa pafupifupi malita awiri tsiku lotentha, ndi zigubu zisanu ndi zitatu za malita 20. Madzi a pampopi olipira angadye phindu lonse, ndiye anaika ngalande padenga yolozera mu mgolo. Mulibenso mphepo yogwedeza maluwa, choncho chakum'mawa, mame atauma, amayenda m'mizere akugwedeza zingwe kuti mungu ugwe.

Choopsa kwambiri chili m'dothi. Greenhouse siisuntha, ndipo munthu amene waimangira tomato amafuna kubzala tomato pa tomato. Akatero, timinyongolotsi totupitsa mizu timachulukana, ndipo kukalowa matenda ofotetsa mbewu, tomato wobiriwira bwinobwino amangolefuka masana n'kufa masiku ochepa. Alangizi anawaonetsa kayesedwe kake: kudula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Kukatsika timizere toyera ngati mkaka, ndi matendawo, ndipo amakhala m'dothi zaka zambiri popanda mankhwala owachotsa. Tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi abale a tomato, nazonso zimagwidwa, ndiye sizithandiza pa kasinthasintha. Tsopano madalawo amabzala m'matumba a dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, amasintha dothilo, ndipo pakati pake amalowetsamo mpiru ndi anyezi. Pakhomo pa kanyumbako pali beseni losambiramo m'manja, ndipo alendo amaonera panja.

Nkhani ya ndalama zoyamba zija inatenga nthawi. Panalibe chimene analemberana ndi mnyamata wowotcherera uja, ngakhale lisiti. Atapita kukadandaula, mnyamatayo anawapatsa mpando n'kuwamvetsera mpaka kumaliza.

"Pepani madala," anatero. "Koma inu munanditumizira chithunzi, ine ndinapanga zimene zinali pachithunzipo."

Madalawo anakhala chete kanthawi. Pomaliza anagwirizana kuti awongole mapaipi opindika aja n'kuwawotcherera khola la nkhuku, osalipiritsa ntchito. Waya wake anagula okha.