Phunziro la umakanika: kufufuza vuto la pulesha ya dizilo mu injini za common rail

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira umakanika kuno ku Tongogara tinayambira pa injini zakale, monga ya 1HZ ya mu Land Cruiser, yomwe pampu yake siyendera kompyuta. Koma magalimoto monga Toyota Hilux D-4D, Isuzu D-Max, Nissan Navara ndi Ford Ranger, omwe timawaona m'minda ya tiyi ku Chipinge komanso ku Samanga ndi ku Hauna m'chigwa cha Honde, ali ndi injini za common rail. Galimoto yotere ikatha mphamvu, mwini wake amafulumira kunena kuti pampu yafa. Pampuyo ndi yodula kwambiri, chonsecho nthawi zambiri si imene imakhala italakwa. Makanika wabwino amayamba wayeza asanamasule kanthu, ndipo amafufuza kuyambira ku thanki.

Mmene dizilo amayendera

Njira ya common rail inayamba kugwiritsidwa ntchito m'malole a Hino ku Japan mu 1995, yopangidwa ndi kampani ya Denso. Mu 1997 ya Bosch inalowa m'magalimoto ang'onoang'ono ku Ulaya. Dizilo akachoka mu thanki amadutsa mu fyuluta n'kufika pa pampu yaikulu. Pampuyo imamukankhira mu paipi yolimba yachitsulo yotchedwa rail, ndipo mainjekita onse amamwa m'paipi imodziyi. Pa rail pali sensa imene imauza kompyuta kuchuluka kwa pulesha. Kompyutayo imakweza kapena kutsitsa pulesha potsegula ndi kutseka valavu yoyendera magetsi. Pa pampu za Denso, monga za Hilux D-4D, valavuyi imatchedwa SCV ndipo imachepetsa dizilo wolowa mu pampu. Palinso valavu yoteteza imene imatseguka pulesha ikapitirira malire, n'kubweza dizilo ku thanki.

Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mpweya wa ma bar 2 kapena 3. Mu rail, injini ikangolira galimoto itaima, mumakhala ma bar pakati pa 250 ndi 400. Pokoka katundu pulesha imafika 1,600, ndipo mu injini zatsopano imadutsa 2,000.

Chenjezo

Pa injini zakale tinazolowera kumasula nati ya pa nozo injini ikulira kuti tidziwe silinda yosagwira ntchito. Pa common rail musachite zimenezo ngakhale pang'ono. Dizilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu ngati singano. Bala limaoneka laling'ono koma mkati mnofu umafa, mpaka munthu kudulidwa chala. Wolasidwa ndi dizilo athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo muwauze adokotala chimene chamulasa. Musafufuze podontha ndi dzanja. Mukazimitsa injini dikirani mphindi zingapo musanamasule paipi iliyonse.

Zizindikiro

Pulesha ikachepa, galimoto imavuta kulira, imazima ikaima, kapena imatha mphamvu pamtunda. Taganizirani galimoto yodzaza nthochi imene ikukwera chitunda chotuluka m'chigwa cha Honde kupita ku Mutare. Pamalo athyathyathya imayenda bwinobwino, koma pakati pa chitunda nyali ya injini imayaka ndipo dalaivala akaponda mafuta siyankha. Apa injini ikufuna dizilo wambiri, pulesha yalephera kufika pofunika, ndiye kompyuta yachepetsa mphamvu pofuna kuteteza injini. Pulesha ikachuluka, injini imagogoda, imalira mokwera ndi kutsika, kapena imazima yokha.

Ndondomeko yofufuzira

1. Funsani dalaivala. Anathira kuti dizilo komaliza? Fyuluta inasinthidwa liti? Vuto limabwera injini itazizira, itatentha, kapena pamtunda pokha? Kodi dizilo anamuthera panjira?

2. Onani batire ndi sitata. Injini zambiri zimafuna ma bar oposa 200 mu rail kuti kompyuta itsegule mainjekita. Batire lofooka limazunguza injini pang'onopang'ono, pulesha sikwana, galimoto siilira ngakhale pampu ili yabwino.

3. Lumikizani sikana n'kulemba makhodi musanawafufute. P0087 ikutanthauza kuti pulesha yachepa, P0088 yachuluka, P0093 dizilo akuthawa kwambiri penapake, pomwe P0191, P0192 ndi P0193 akuloza ku sensa ndi mawaya ake. Khodi imangonena kumene kompyuta yaona vuto, sinena chitsulo choti mugule. Pa sikana yomweyo yerekezani manambala awiri: pulesha imene kompyuta ikufuna ndi imene ilipodi. Injini yabwino manambalawa amayendera limodzi. Ngati amasiyana pokhapokha pokwera mtunda, kawirikawiri dizilo sakufika wokwanira ku pampu.

4. Fufuzani kuchokera ku thanki kufika pa pampu. Tsegulani kabomba ka pansi pa fyuluta, dizilo agwere mu botolo loyera loonekera mkati. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Dizilo wosakaniza ndi palafini kapena petulo amadziwika ndi fungo komanso kupepuka kwake. Fyuluta ikakhala yakale ikani yatsopano. Kenako ikani kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu. Mukaona thovu, ndiye kuti mpweya ukulowa pa paipi yong'ambika, pa kilipi yomasuka kapena pa kapampu kamanja ka pamwamba pa fyuluta. Onaninso ngati paipi yapindika, kapena ngati kabowo kopumira thanki katsekeka ndi matope.

5. Yezani sensa. Ili ndi mawaya atatu: wa mavoti 5, wa nthaka, ndi wotumiza uthenga ku kompyuta. Kiyi atatsegulidwa koma injini isanalire, waya wa uthenga amaonetsa pakati pa theka la voti ndi voti imodzi, malinga ndi mtundu wa sensa, ndipo sikana iyenera kuonetsa pulesha pafupi ndi ziro. Ikaonetsa ma bar mazanamazana injini ili chete, vuto ndi sensa, pulagi ya dzimbiri kapena waya wokhudzana ndi chitsulo.

6. Onani valavu ya pa pampu. SCV ikayamba kukakamira chifukwa cha litsiro kapena kutha, pulesha imakwera ndi kutsika yokha. Valavuyi imagulidwa payokha, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu yonse. Mukaisintha, injini zambiri zimafuna kuti kompyuta iphunzitsidwenso ndi sikana.

7. Yezani dizilo wobwerera. Injekita yotha imabweza dizilo wochuluka ku thanki, ndiye rail sidzaza. Lumikizani kabotolo pa injekita iliyonse, injini ilire kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Botolo lodzaza kwambiri kuposa anzake likuloza injekita yolakwa. Pa Hilux D-4D paipi yobwezera ili mkati mwa chivundikiro cha pamwamba pa injini, choncho ntchitoyi ichitike pamaso pa makanika wodziwa. Valavu yoteteza nayo siyenera kubweza dizilo injini ikulira bwinobwino. Ikamadontha isinthidwe.

Mukamaliza zonsezi osapeza kanthu, m'pamene mungaganizire pampu. Tizidutswa tachitsulo tonyezimira pa valavu kapena mu fyuluta ndi umboni woti pampu ikudyeka mkati. Zikatero thanki ndi mapaipi zitsukidwe, rail ndi mainjekita zipite kwa akatswiri a dizilo, apo ayi zitsulo zatsopano zidzaonongekanso.

Kupewa

Mkati mwa pampu ndi mainjekita mulibe oilo. Zitsulo zimaterera ndi dizilo yemweyo, n'chifukwa chake madzi ndi palafini zimaziononga msanga. Kuno ku Tongogara mdani ndi fumbi, pomwe ku Honde ndi kumapiri a Chipinge, komwe mvula ndi nkhungu zimachuluka, mdani ndi madzi olowa m'migolo. Gulani dizilo pa malo ovomerezeka, osati wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. Ngati n'kofunika kuthira wa mumgolo, mgolowo ukhazikike usiku wonse ndipo musatunge wapansi. Musanamasule paipi tsukani pamalopo, ndipo bowo lililonse lotseguka muliphimbe ndi pulasitiki yoyera.

Mafunso oti mukambirane pagulu

a. Galimoto ili ndi khodi P0087 ndipo imatha mphamvu pamtunda pokha. Tchulani zinthu zitatu zoyamba kuona.
b. Injini sinalire koma sikana ikuonetsa ma bar 600. Vuto lingakhale pati?
c. Mnzanu walasidwa ndi dizilo pachala koma akuti sakumva kuwawa. Mumuthandiza bwanji?