Phunziro la Mwezi Uno: Kusankha Anthu Ogwira Nawo Ntchito pa Lamya

Mlangeni ali pa msewu waukulu wa M1, pakati pa boma la Ntcheu ndi la Dedza. Malire a dziko la Mozambique ali pafupi ndithu, ndipo m'malo ena msewu womwewo ndiwo malire. Anthu a kumeneko amalima mbatata ya kachewere, kabichi, matimati, anyezi ndi nyemba, ndipo zambiri za izi zimakadyedwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kale mlimi anali kuunjika katundu wake m'mbali mwa msewu, kapena kunka naye ku msika wa Lizulu, nadikira wogula aliyense amene angaime. Masiku ano ena amayamba apangana mtengo pa lamya ya m'manja mbewu isanachoke m'dimba. Ichi ndi chinthu chabwino, koma chabwera ndi funso lake: kodi mwa anthu onse a pa WhatsApp ndi pa Facebook, mlimi kapena mphunzitsi asunge ati?

Anthu ambiri amayesa kuti mwini abwenzi ochuluka pa masamba a mchezo ndiye wolemera. Facebook imalola munthu mmodzi kukhala ndi abwenzi 5,000, ndipo gulu limodzi la WhatsApp likhoza kulandira anthu 1,024. Koma mutu wa munthu sungasunge khamu lotere. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, analemba m'chaka cha 1992 kuti anthu amene munthu angathe kudziwana nawo bwino ndi 150 kapena cha pomwepo. M'chaka cha 2016 iye anafunsa anthu a kwawo amene ali pa Facebook, napeza kuti mwa abwenzi awo onse, oti nkuwadalira pa tsiku la mavuto anali ngati anayi okha. Tsono ngati zili chomwecho pa chibwenzi wamba, nanga pa malonda, pamene pali ndalama ndi katundu wosachedwa kuwola?

Mlimi wa kachewere sasowa anthu chikwi. Iye asowa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, amene angamtumizire chithunzi cha masamba akayamba kuda ndi chiwawu nthawi ya mvula. Asowa wogulitsa mbewu ndi mankhwala wa sitolo yodziwika. Asowa mwini lole kapena dalaivala amene akati afika Lachinayi amafikadi Lachinayi. Asowanso alimi anzake angapo onena zoona za mitengo, ndi ogula awiri kapena atatu a m'misika yosiyana. Wogula mmodzi yekha sakwanira, pakuti akadziwa kuti mlimi alibe kwina kopita, mtengo amaudula yekha. Mlimi amene ali ndi wogula ku Limbe, wina ku Lilongwe, ndi mnzake woima pa Lizulu, akhoza kuwafunsa onse m'mawa umodzi, nadziwa ngati kuli bwino kukumba sabata ino kapena kudikira.

Anthu otere sachita kutoledwa, amasankhidwa monga isankhidwa mbewu. Njira yoyamba ndiyo yakale ija ya umboni. Wogula watsopano akalemba uthenga, mlimi amfunse kuti nambala waitenga kwa yani, ndipo aimbire munthu wotchulidwayo kuti amve ngati ali kumdziwadi, ndiponso ngati analipira bwino pamene anagula kwa iye. Wosowa mboni ayambe waima panja. Chithunzi cha munthu wovala suti ataima pambali pa galimoto sichili umboni ayi, chifukwa aliyense akhoza kuba chithunzi cha mwini wake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akapezeka kuti ali ndi mboni, ayesedwe ndi zazing'ono. Matumba awiri poyamba, ndalama pamanja. Akalipira msanga ndi mosadula, ulendo wotsatira alandire asanu. Kupereka lole yathunthu pa ngongole kwa munthu wongodziwana naye pa lamya ndiko kutaya thukuta la miyezi inayi tsiku limodzi. Ndipo uthenga wonena kuti ndalama zatumizidwa usakhulupiriridwe msanga, pakuti akuba amadziwa kulemba uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba. Mlimi ayambe waona yekha ndalama zotsala mu akaunti yake, katundu akwere pambuyo. Kuyambira chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Chotero ngati dzina lotuluka potumiza ndalama lisiyana ndi limene munthuyo anadzitchula, pafunika kufunsa chifukwa chake.

Za malire nazo zifunika nzeru. Nambala za m'Malawi zimayamba ndi +265, za ku Mozambique ndi +258. Alimi ndi amalonda a ku Angonia ndi anansi, ena ndi abale enieni, ndipo malonda ndi iwo ndi akalekale. Koma munthu wosadziwika wa nambala ya kunja akathawa ndi katundu, kumlondola nkovuta kuposa wa m'dziko muno. Kwa wotere mboni ikhale munthu amene mudzi wake ndi mfumu yake zidziwika.

Tsono za magulu. Gulu la WhatsApp la ntchito liyenera kukhala ndi cholinga chimodzi, mtsogoleri wodziwika, ndi anthu amene ambiri a iwo anaonanapo maso ndi maso. Gulu la alimi makumi awiri a kalabu imodzi, muli mlangizi, lipindulitsa kuposa gulu la anthu mazana asanu otumizirana nthabwala, zandale ndi mavidiyo. Mavidiyowo amadya bandulo ndi moto wa lamya, ndipo uthenga wa mtengo wa feteleza umakwiririka pansi pa zinyalala. Nthabwala sizoipa, koma zikhale ndi gulu lakelake. Mu WhatsApp muli malo osankhira anthu amene aloledwa kumlowetsa munthu m'gulu, ndipo wosadziwa kutchera kwake apemphe mphunzitsi kapena mwana wa sekondale amthandize. Kutuluka m'gulu lopanda phindu si mwano.

Aphunzitsi ndi anyamata omaliza sukulu achenjere koposa ndi olonjeza ntchito. Pa Mlangeni pali sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo mnyamata woona anzake ali kuguba amalakalaka naye atalowa. Akathyali amadziwa njala imeneyi, nadzitcha mabwana a ku likulu, nati tumizani kangachepe dzina lanu lilowe. Ntchito ya Boma sigulidwa, imalengezedwa poyera. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito yabwino kunja, ena kudzera pa Facebook, nakapezeka ali mu ukapolo m'nyumba za anthu ku Oman. Chimene chinathandiza kuwapulumutsa chinali gulu la WhatsApp loyambitsidwa ndi mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, m'mene munalowa amayi oposa 50. Lamya inali yomweyo, anasiyana ndi anthu a kutsidya kwake.

Ngakhale bwenzi loyesedwa likhoza kuberedwa dzina. WhatsApp imatumiza manambala asanu ndi limodzi kwa mwini lamya polembetsa, ndipo wakuba akawapeza amalanda akauntiyo, nayamba kupempha ndalama kwa onse olembedwamo. Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu aliyense, monganso nambala yachinsinsi ya Mpamba. Ngati mlangizi kapena mphunzitsi wamkulu alemba mwadzidzidzi kuti ali pa vuto, afuna ndalama tsopano lino, aimbiridwe kuti mawu ake amveke.

Mlimi akumbukenso kuti naye ali kuyesedwa. Amene amatumiza chithunzi cha kachewere wamkuluwamkulu, koma pansi pa thumba atathira timing'alu, adzafufutidwa m'lamya ya wogula, ndipo ogula amauzana. Amene amayankha msanga, nanena zoona za kuchuluka kwa katundu, nauza mnzake mtengo wa ku Limbe osabisa, dzina lake limayenda lokha.

Kamodzi pa chaka, zokolola zitatha, nkwabwino kukhala pansi ndi lamya ndi kuwerenga maina onse. Wolipira mochedwa kawiri achotsedwe pa ogula. Dzina lililonse lotsala lilembedwe pamodzi ndi ntchito yake ndi malo ake, monga "wa lole, Lizulu". Pomaliza manambala ofunika akopedwe m'kope ndi cholembera, lisungidwe m'nyumba pamodzi ndi chiphaso cha unzika, chifukwa lamya imabedwa pa msika, ndiponso imagwera m'madzi pothirira dimba.