PHUNZIRO: KAPITAO WOKHULUPIRIKA M'NYENGO YA KOMPYUTA



Munthu akafika ku Area 13, pakati pa City Centre mu mzinda wa Lilongwe, amaona nyumba zitali-zitali za maofesi. Cakufupi kuli likulu la Reserve Bank, limene lidasamukira kuno kucokera ku Blantyre m'caka ca 1981, ndipo cakumtunda kuli Capital Hill, kumene kuli maunduna a Boma. M'nyumba zimenezi mupita ndalama zambiri-mbiri tsiku ndi tsiku, koma mlendo sangaonemo matumba a ndalama ai. Adzangoona anthu atakhala cete pa kompyuta. Cuma ca masiku ano ciyenda m'malemba a m'makina, ndipo amene asunga malembawo ndiye wagwira mfungulo za nkhokwe. Lero tikambe za maphunziro a anthu amenewa, ndi za katundu amene Mulungu wawasenzetsa.

1. Maphunziro ace ngotani?

Pa Cingerezi amawacha Information Systems. Si maphunziro okonza kompyuta ikaonongeka, kapena ophunzira kutaipa. Taganizani za sitolo yaikulu ya ku Old Town. Wogulitsa akagulitsa thumba limodzi la shuga, zinthu zinai ziyenera kudziwika nthawi yomweyo: kuti katundu wacepa, kuti ndalama zaonjezeka, kuti pali msonkho wa Boma, ndiponso kuti nthawi yoitanitsa shuga wina yayandikira. Kale zimenezi zinkalembedwa m'mabuku anai ndi makalaliki anai. Lero wogulitsa alemba kamodzi, ndipo makina atumiza mauwo ku mabuku onse. Woyala njira yonseyi, ndi kulamula kuti uyu aone ici, uyo asinthe ico, ndiye wophunzira Information Systems.

Amene watsiriza digiri yoyamba, ya zaka 4, angathe kupitiriza digiri yaciwiri, imene amaicha Masters, ndipo kawiri-kawiri itenga zaka 2. Pamenepo aphunzira kamangidwe ka nkhokwe za malemba, kawerengedwe ka cuma, kachinjirizidwe ka makina kwa akuba, ndi malamulo a dziko, monga lamulo la 2016 la malonda a pa makina ndi la 2024 loteteza mbiri za anthu. Potsiriza afufuza bvuto leni-leni la mu ofesi ina, nalemba buku loti akulu a maphunziro aliyese. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi Masters ya Informatics. MUBAS ya ku Blantyre, imene idali Polytechnic kufikira 2021, iphunzitsa Management Information Systems.

2. Mizu yace ili m'Eklezia momwe

Tisayese kuti nzeru zimenezi nzacilendo kwa ife Akatolika. M'caka ca 1494, mu mzinda wa Venice, mwana wa cipani ca Fransisko Woyera, dzina lace Luca Pacioli, adasindikiza buku la masamu. M'menemo adalongosola bwino njira ya amalonda a kumeneko yolemba ndalama iliyonse kawiri: kumene yacokera ndi kumene yapita. Mbali ziwirizo ziyenera kulingana. Zikasiyana, ndiye kuti wina waphonya kapena wanyenga. Kompyuta za mabanki zitsata lamulo lomwelo mpaka lero. Cimene makina aonjeza ndi liwiro basi. Cilungamo sacionjeza, pakuti makina alibe mtima.

3. Cimene cidaoneka mu 2013

M'caka ca 2005 Boma lathu lidayamba kulipira ndalama zace kupyolera m'makina ochedwa IFMIS. Colinga cidali cabwino: kuti ndalama isatuluke popanda kuikidwa m'bajeti, ndi kuti kulipira kulikonse kusiye mapazi. Koma pa 13 Sepitembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti ya Boma adaomberedwa mfuti pa cipata ca nyumba yace ku Area 43, ndipo m'masiku omwewo apolisi adayamba kupeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za anchito ena a Boma. Ndiyo nkhani imene anthu adaicha Cashgate.

Akatswiri ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly, a ku Britain, adapeza kuti ndalama zopitirira K13 biliyoni zidaonongeka m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala 2013. Njira ina idali yotere: ankalemba m'makina kuti kampani yakuti ilipidwe, pamene kampaniyo sidagulitse kanthu ku Boma, ceke ikatuluka ndi kusinthidwa ku banki, ankabwerera m'makina muja kukafafaniza malemba ace. Maiko otithandiza adaimitsa cithandizo cao ca m'bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi osauka, odwala m'zipatala ndi ana a sukulu. Ena mwa opalamula adaweruzidwa nalowa m'ndende, ndipo kuyambira 2020 Boma lidayamba kuika makina atsopano m'malo mwa akale aja.

Onetsetsani, abale: palibe adathyola citseko ndi nkhwangwa. Nkhokwe idatsegulidwa ndi anthu ophunzira, amene adapatsidwa mfungulo.

4. Malamulo atatu a asungi a cuma

Wophunzira wa Masters aphunzitsidwa mipanda yambiri, koma itatu ndiyo yaikulu.

Loyamba: nchito igawidwe. Wopempha kuti ndalama zilipidwe asakhale yemweyo wobvomereza, ndipo wobvomereza asakhale wolipira. Munthu aliyense akhale ndi pasiwedi yace, ndiwo mau acinsinsi otsegulira makina, ndipo asabwereke mnzace, angakhale bwana wace. Makolo adati mutu umodzi susenza denga.

Laciwiri: mapazi asafafanizike. Makina okonzedwa bwino amalemba mwa okha dzina la amene wasintha cinthu, tsiku ndi ora lace. Colakwa cikapezeka sacifufuta ai, koma alemba cina cocikonza, kuti zonse ziwiri zioneke.

Lacitatu: mabuku ayerekezedwe. Mwezi uliwonse zimene buku la ofesi linena zifanizidwe ndi zimene banki inena, ndipo wofanizirayo akhale munthu wina wosagwira ndalamazo. Wakuba angafafanize za m'makina a ofesi yace, koma za ku banki sangazifike.

Mipanda imeneyi njolimba, komatu anthu atatu akapangana coipa, yonse igwa. Mpanda wotsiriza ndiwo mtima woopa Mulungu, ndipo umenewu sumangidwa ku yunivesite. Umangidwa pakhomo ndi m'kalasi ya katekisimu.

5. Kapitao wa m'Uthenga Wabwino

M'mutu 16 wa Uthenga wa Luka Woyera, Ambuye Yesu asimba za kapitao amene adaitana angongole a mbuye wace, nawauza kuti asinthe makalata ao: wa miyeso 100 ya mafuta alembe 50, wa miyeso 100 ya tirigu alembe 80. Kapitaoyo sadasenze mtsuko kapena thumba usiku, adangosintha manambala. Cinyengo ca pa kompyuta ncomweco. Wosintha nambala mwadala kuti apindule acimwira lamulo lacisanu ndi ciwiri, loletsa kuba, ndi lacisanu ndi citatu, loletsa bodza. Ndipo Eklezia aphunzitsa kuti wakuba akalapa ayenera kubweza cimene adaba monga angathere. Ena amadzitonthoza ndi mau akuti mbuzi idya pomwe aimangirira. Koma Mkristu wobatizidwa si mbuzi ai.

M'fanizo lomwelo kapitao uja ayamikidwa cifukwa ca kucenjera kwace, osati cifukwa ca cinyengo cace. Potero tiphunzira kuti Akristu sayenera kutsalira m'mbuyo pa nzeru. Anthu olungama akathawa maphunziro amenewa, mfungulo zidzatsala m'manja mwa yani? Inu makolo, mwana wanu wamwamuna kapena wamkazi akaonetsa luso pa masamu, mlimbikitseni. Koma musamfunse kuti, "Anzako adamanga kale ku Area 47, nanga iwe ucedweranji?" Funso lotere lagwetsa ana ambiri. Mumfunse ngati agona tulo ndi mtima woyera.

6. Tiyambe kwathu

Malamulo atatu aja safuna kompyuta. M'parishi ndi m'miphakati yathu zopereka za pa Sande ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, onse asaine. Wopereka mtulo alandire risiti. Masamba a buku asang'ambidwe. Ciyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ena apereka pa foni. Nambala yolandirira ikhale ya chalichi, isakhale ya munthu mmodzi. Msungi wa cuma awerenge lipoti pamaso pa Akristu, ndipo asakwiye akafunsidwa. Kumfunsa si kumyesa mbala. Ndiko kuchinjiriza mbiri yace.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi wophunzira Information Systems agwira nchito yanji?
2. Chulani malamulo atatu a asungi a cuma.
3. Wosintha nambala mwacinyengo acimwira malamulo ati a Mulungu, ndipo akalapa ayenera kucitanji?
4. Pa mphakati wathu pano, ndani awerenga zopereka, ndipo ndani ayang'ana buku lace?

Tiwapempherere ana athu onse ogwira nchito m'maofesi a City Centre ndi a Capital Hill, kuti Mateyo Woyera, amene Ambuye adamuitana ali pa nchito ya msonkho, awapempherere kwa Mulungu, akhale akapitao okhulupirika kufikira tsiku limene mabuku onse adzatsegulidwa.